Nyumba ya matani 6,200 ikusamuka ku Oerlikon: zomwe ndikuona pa mpanda

Seputembala 2011

Ndayamba kulemba izi chifukwa cha amalume anga. Iwo anagwira ntchito ya njanji ku Limbe mpaka kupuma, ndipo Lamulungu lapitali nditawauza pa foni kuti kuno ku Zürich, m'dziko la Switzerland, akufuna kukankha nyumba yathunthu kuti ipereke malo kwa sitima, anaseka mpaka kutsamwa. Akuti: "Mphwanga, chisanu chakusokoneza mutu. Nyumba imagwa, siyenda." Ndiye ndawalonjeza kuti ndizilemba zomwe ndikuona kuti tsiku lina ndidzawawerengere. Ine si injiniya, komanso sindili nawo m'gulu la ogwira ntchitoyi. Ndimangodutsa pa siteshoni ya Oerlikon, dera lina la mzinda wa Zürich, m'mawa ndi madzulo, ndipo mpanda umene atchinga nawo malowo uli ndi mipata yokwana diso.

Nyumba yake ndi ya njerwa zosapaka pulasitala, yotalika mamita 80, ndipo inamangidwa mu 1889. Munali maofesi a akuluakulu a fakitale ya Maschinenfabrik Oerlikon, imene anthu kuno amangoti MFO. Si siteshoni ayi, koma mbiri yake ndi ya njanji yokhayokha. Fakitaleyi inayamba mu 1876, ndipo ndiyo inayesa kuyendetsa sitima ndi magetsi pa njanji ya pakati pa Seebach ndi Wettingen kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ndiyonso inapanga zamagetsi za m'mitu ya sitima ija ya mphuno zazitali kutsogolo ndi kumbuyo, imene anaipatsa dzina loti Krokodil, kapena kuti ng'ona, yomwe inkakoka katundu pokwera mapiri a Gotthard kuyambira cha m'ma 1920. Amalume atamva za ng'onayo anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti inali ndi magudumu angati. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhani yawalowa.

Chimene chavuta n'chakuti njanji yomweyo, imene MFO inathandiza kukulitsa, tsopano ikufuna malo amene nyumbayi yakhalapo. Kampani ya sitima ya dziko lino, SBB, ikumanga njira yatsopano yotchedwa Durchmesserlinie, yochokera ku Altstetten, kudutsa pansi pa siteshoni yaikulu ya Zürich, kulowa m'njira ya pansi pa phiri ya Weinberg, n'kudzatulukira kuno ku Oerlikon. Siteshoni ya kuno ili ndi njanji zisanu ndi imodzi, ndipo pakufunika kuwonjezera ziwiri. Mwana wakula, akufuna pogona pa kholo.

Poyamba nkhani inali yoti aigwetse. Mwini wake anali ABB, kampani imene inatenga chuma cha MFO kudzera mwa Brown Boveri, yomwe inagula MFO mu 1967. Anthu a dera lino anakana, anasaina zikalata, nkhani inafika kwa akuluakulu a mzinda. Mapeto ake anagwirizana kuti kampani ya zanyumba ya Swiss Prime Site itenge nyumbayi ndi kulipira gawo lalikulu la ndalama zoisunthira mamita 60 chakumadzulo. Kontirakitala wokankha ndi kampani ya Iten AG.

Okutobala 2011

Ukayang'ana kuchokera pa pulatifomu, palibe chimene chasintha. Mawindo ali pomwepo, denga lili pomwepo. Ntchito yonse yalowa pansi. Akatapila akumba mozungulira nyumba mpaka makoma a zipinda zapansi, amene kwa zaka 122 anali okwiririka, aonekera poyera, akuda ndi chinyezi.

Ndakhala ndikuwerenga manyuzipepala a kuno ndi dikishonale pambali kuti ndimvetse njira yake, ndipo ndikuona kuti ndaigwira. Kuinyamula ndi kireni n'kosatheka. Matani 6,200 ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50 okwana 124,000, kapena mathiraki a matani 30 oposa 200. Koma kulemerako si vuto lalikulu. Vuto ndi khalidwe la njerwa. Khoma la njerwa limapirira kwambiri katundu womaliponda kuchokera pamwamba, koma likangopotoka kapena mbali imodzi ikatsika pang'ono, limang'aluka nthawi yomweyo. Aliyense amene anaona nyumba yomangidwa m'dambo akudziwa mng'alu uja wotsetsereka kuchokera pa kona ya windo.

Kumudzi tikamasamutsa denga la nkhokwe timachita chimodzimodzi, kungoti mwa ife eni sitiganizako. Anthu amalowa pansi, aliyense phewa lake pa mtengo wake, wina n'kuwerenga kuti onse adzuke limodzi. Wina akafulumira kapena akagwa m'dzenje, denga limapindika, udzu n'kuyamba kusosoka. Apa mapewa ndi zitsulo ndi majeke, ndipo denga lake ndi nyumba yonse.

Ndondomeko yake ili motere, monga mmene ndamvera. Amachotsa khoma la pansi kachigawo kakang'ono, n'kuikapo mizati yachitsulo yogwirizira. Akatsimikiza kuti chitsulo chasenza, amapita pa kachigawo kena. Akatero amathira mitanda ya konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, yoyenda pansi pa makoma onse, kuti nyumba ikhale ngati yakhala pa thireyi imodzi yolimba. Pansi pa thireyiyo amayala njanji, ndipo pakati pa njanji ndi thireyi amaikapo zitsulo zobulungira zoti zizigubuduzika. Pomaliza amachotsa mizati ija, kulemera konse n'kutsikira pa zogubuduzazo. Ndiye kuti nyumba imakhala itaduka mizu kalekale isanasunthe ngakhale chala chimodzi.

Disembala 2011

Palibe zambiri zolemba. Kukuda msanga, pofika 5 koloko madzulo ndimangoona magetsi pansi pa nyumba ndi kumva kulira kwa makina odulira konkire. Njira ya oyenda pansi aisintha kawiri mwezi uno, ndipo tsiku lina ndinaphonya sitima chifukwa chozungulira. Amalume anafunsa pa Khirisimasi ngati nyumba yanga yayamba kukwawa. Ndinati ayi. Anati, "Ndinanena ine."

Febuluwale 2012

Kwazizira moti sindinaonepo chibwerereni kuno. Masiku oyambirira a mwezi uno madzi aundana paliponse, usana ndi usiku, ndipo ukavula magolovesi kuti ujambule chithunzi zala zimauma nthawi yomweyo. Nyengo yotereyi ndi mdani wa konkire: madzi a m'kati mwake akaundana isanagwire, imadzakhala yofumbutuka. Choncho imafunika kuifunditsa ngati khanda.

Koma lero ndaona chinthu chimene chandiimitsa pa mpanda mpaka mphuno kuchita dzanzi. Ndinawerama pa mpata wina, ndipo ndinaona kuwala kwa mbali inayo kudzera pansi pa nyumba. Pamene panali khoma pali mizati yachitsulo ndandanda, ngati miyendo ya bongololo, ndipo pamwamba pake pakhala nyumba yonse ya njerwa, mawindo ake ali bwinobwino, ngakhale galasi limodzi losweka sindinalione. Bambo wina wovala chipewa cholimba ndi jekete la olenji anali chogwada pansi pa zonsezo, akuyang'ana pa kachipangizo koyezera, akulemba m'kabuku. Pamwamba pa mutu wake panali matani masauzande. Sanayang'ane kumwamba ngakhale kamodzi.

Kwa ine tsiku loopsa pa ntchitoyi ndi limeneli, osati lodzakankha lija limene anthu akuliyembekezera. Pokankha, nyumba idzakhala itakhala kale pa thireyi yake. Panopa ili pakati: maziko akale achoka, atsopano sanafike. Mmisiri akalakwitsa mzati umodzi lero, palibe kamera ya wailesi yakanema imene idzaone, koma mng'alu udzafika mpaka ku denga.

Ndinawafotokozera amalume zimenezi. Ulendo uno sanaseke. Anayamba kundiuza za mmene ankakwezera bogi ikachoka pa njanji: jeke mbali iyi, mitengo pansi, jeke mbali inayo, mitengo pansi, osalola kuti mbali imodzi itsogole. Akuti woopsa pa gulu sakhala waulesi koma wachangu. Anandifunsanso kuti, "Nanga dothi lake n'lotani pamene ikupitapo?" Funso la munthu wa njanji limenelo. Njira yonse ya mamita 60 iyenera kusenza kulemera komweko popanda kutitimira, apo ayi nyumba idzafika pakati n'kuyamba kupendama.

Epulo 2012

Funso la amalume layankhidwa ndi zimene ndikuona. Kumadzulo kwa nyumba akumba dzenje lalikulu, athiramo konkire, ndipo pamwamba pake payalidwa mizere ingapo ya njanji zokankhirapo, yowongoka ngati aijambula ndi rula. Kumapeto kwa mizereyo n'kumene kukhale zipinda zapansi zatsopano. Anthu oyeza malo sachoka pamenepo ndi makina awo a miyendo itatu. Njanji za sitima zimalola kupendama pang'ono, sitima ili ndi masipuling'i. Nyumba ilibe.

Zogubuduza zija akuti ndi 500. Ndinatenga foni n'kuwerengera: matani 6,200 kugawa kwa 500, chilichonse chikusenza matani oposa 12. Koma kuwerengera kwangako n'kwa m'kalasi, chifukwa nyumba siilemera mofanana paliponse. Pamene pali masitepe ndi makoma okhuthala pamalemera kuposa pamene pali chipinda chachikulu chopanda kanthu, ndipo ntchito ya mainjiniya ndi kudziwa kuti kulemera kulikonse kukutsikira pati.

Ndiyenera kunenapo za ndalama, poti amalume afunsa kawiri. Ntchito yonse akuti ikudya pafupifupi ma franc 12 miliyoni (franc ndi ndalama ya dziko lino). Anthu amakonda kukamba nkhaniyi ngati ya chikondi cha pa zinthu zakale, ndipo n'zoona kuti pakanapanda anthu kukana, bwenzi pano pali fumbi. Koma ine ndikuona kuti chimene chapulumutsa nyumbayi ndi masamu. Ili pafupi ndi imodzi mwa masiteshoni otanganidwa kwambiri m'dziko lino, pakati pa Zürich ndi bwalo la ndege, ndipo amene waigula akudziwa kuti maofesi ndi malo odyera a pamalo otere sasowa wochita lendi. Ikanakhala kuchigwa kwina kumene sitima imaima kawiri pa tsiku, sindikhulupirira kuti wina akanatulutsa ndalama zoterezi.

Palinso china chimene chimandilasa ndikamayenda kuseri kwa siteshoni. Dera lonseli linali mafakitale, anthu masauzande ankalowa m'mawa ndi zovala zamafuta. Lero nyumba zambiri zimene munkalira makina zinachoka, pali maofesi agalasi, nyumba zogona, ndi paki yotchedwa MFO-Park, imene ndi chimango chachikulu chachitsulo choyangidwa ndi zomera. Imene ikukwezedwa pa zogubuduza ndi ya mabwana, momwe munkasainidwa makalata. N'zosadabwitsa, ndiyo inamangidwa mokongola. Koma ng'ona zija sizinapangidwire mu ofesi.

21 Meyi 2012

Mawa ndiye tsiku. Ndapempha tchuthi cha masiku awiri, ndipo abwana anga atamva chifukwa chake anangomwetulira. Mapaipi a madzi, nthambo za magetsi ndi zonse zimene zinkalumikiza nyumba ndi nthaka zadulidwa. Kumbuyo kwake aika majeke a mafuta ogona chammbali, oti azikankha osati kukweza.

Amalume akufuna ndiwasinthire ma franc 12 miliyoni aja m'makwacha. Ndawauza kuti adikire kaye, chifukwa kwacha yangogwa kumene pa 7 mwezi uno, ndipo nambala imene ndingawapatse lero mawa ikhala yabodza.

Lachiwiri, 22 Meyi 2012

Ndinafika m'mawa, koma malo abwino anali atatengedwa kale. Panali agogo ndi mipando yopinda, ana asukulu ndi aphunzitsi awo, anthu a masuti amene ankaoneka kuti athawa ku ofesi. Wailesi yakanema ya dziko lino ikuonetsa zonse pompopompo. Anthu ena akuti aka n'koyamba ku Ulaya kusuntha nyumba yaikulu chotere yathunthu.

Cha m'ma 11 koloko anayamba. Ndiyenera kunena zoona: sindinaone kanthu. Ndinkayembekezera kulira kwa zitsulo, kugwedezeka, kapena fumbi lothothoka m'njerwa. Kunali phee, kupatula kung'ung'uza kwa mapampu ndi sitima zimene zinkangodutsa pambali monga mwa masiku onse. Nyumba inali chiimire. Mayi wina pafupi nane anafunsa mwamuna wake ngati ayamba kale.

Liwiro lake ndi pafupifupi mamita 4 pa ola. Ndiye kuti pa mphindi imodzi imayenda masentimita osakwana 7, pa sekondi imodzi milimita imodzi ndi kakusiyira. Nanzikambe angaipitirire n'kukafika, n'kubwerera kudzaiona. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lero ndamvetsa kuti ankanena zenizeni. Ndinapeza njira: ndinatseka diso limodzi, n'kulinganiza kona ya nyumba ndi mzati wa magetsi umene unali kutali kumbuyo kwake. Ndinaima osasuntha mutu. Patapita kanthawi, mzati uja unayamba kubisika kuseri kwa njerwa, pang'onopang'ono, mpaka unazimirira. Tsitsi linandiimirira. Nyumba ya zaka 123 ikuyenda.

Kuyenda kwake n'kodukizadukiza. Jeke amakankha mpaka kutalika kwake kutha, kenako amaima, amabwerera m'chimake, amisiri n'kumusunthira kutsogolo kuti apeze pogwira patsopano, n'kuyambanso. Zogubuduza zimene zatsalira kumbuyo amazichotsa n'kukaziika kutsogolo, monga mmene asodzi amachitira ndi mitengo pokokera bwato kumtunda. Pa ntchito ya mamiliyoni, ya makompyuta ndi makina oyezera, pali anthu amene ntchito yawo lero ndi kunyamula chitsulo kumbuyo n'kupita nacho kutsogolo, tsiku lonse. Ndipo nthawi zonse wina akuyang'ana ngati mbali imodzi yatsogola inzake, chifukwa ikangoyamba kukhota, kuibweza si masewera.

Masana ndinawaimbira amalume ndili pa mpanda pomwepo. Anati ndiyandikize foni kuti amve. Ndinayandikiza. Anamvetsera kwa nthawi, kenako anati, "Sindikumva kanthu." Ndinati ndi mmene zililitu, amalume. Anati, "Ndiye kuti akuidziwa ntchito. Chitsulo chikamalira ndiye kuti chikudandaula."

Madzulo ndinabwerera kunyumba miyendo ikuwawa chifukwa choima. Kumene nyumba inali m'mawa kwatseguka mpata, mukuoneka konkire ndi zidutswa za maziko akale.

Lachitatu, 23 Meyi 2012

Lero anthu achepako m'mawa, koma anachulukanso masana pamene zinamveka kuti yatsala pang'ono. Gawo lomalizali ndi limene linandisangalatsa kwambiri, chifukwa kukankha n'kosavuta kuyerekeza ndi kuimitsa pamalo enieni. Makoma akale ayenera kugwera ndendende pamwamba pa pamene pakhale makoma atsopano a pansi. Ukapitirira, majeke ako ali kumbuyo, anapangidwira kukankha. Choncho chakumapeto ankakankha pang'ono, kuima, kuyeza, kukambirana, kukankhanso pang'ono.

Cha m'ma 4 koloko madzulo inafika. Anthu anaomba m'manja, ena anakuwa. Amisiri anagwirana chanza, ndipo ena anangokhala pansi pa mitanda n'kuvula zipewa. Ndinayang'ana nkhope zawo kuti mwina ndimuone bambo uja wa mu Febuluwale, koma onse anali ndi majekete ofanana.

Miyezi pafupifupi khumi ya kukumba, kugwiriziza ndi kuthira konkire, kuyenda kwake masiku awiri osakwana. Manyuzipepala a mawa adzadzaza ndi zithunzi za masiku awiriwa.

Ogasiti 2012

Makamera anapita, mpanda ukadalipo. Nyumba inafika koma inali isanakhale pansi: inali ikadali pa zitsulo zake, ngati mlendo amene waima pakhomo ndi katundu kumutu. Miyezi imeneyi akhala akuchita zija za chaka chatha mobwerera m'mbuyo. Kumanga makoma a pansi kufikira atakumana ndi mitanda, kutseka mipata kuti kulemera kutsikire pa makomawo, kuchotsa njanji ndi zogubuduza, kulumikizanso madzi, magetsi ndi mapaipi a zonyansa, kenako kukwirira. Palibe amene akuima kuti aonere. Inenso ndimangosuzumira podutsa.

Kumalo akale SBB yalowa kale ndi makina ake. Sanataye nthawi.

Juni 2014

Ndinasiya kulemba kwa nthawi yaitali chifukwa panalibe chachilendo. Pa 15 mwezi uno sitima zayamba kudutsa m'njira ya Weinberg, ndipo ndakwera dala kuchokera pa siteshoni yatsopano ya pansi ya Löwenstrasse kudzatsikira ku Oerlikon. Ntchito yokulitsa siteshoni ya kuno ikupitirira, mipanda ndi akatapila zikadali mbali zina.

Nyumba ija ili phee pamalo pake, ngati inabadwira pomwepo. M'mwamba muli maofesi, pansi pali malo odyera otchedwa Gleis 9, kutanthauza njanji ya nambala 9, pamene siteshoni njanji zake zidzathera pa 8. Mnzanga wina amene wabwera kuno chaka chatha sanandikhulupirire nditamuuza kuti nyumbayi sinali pamenepa. Ndinamutengera m'mbali mwake kuti ndimuonetse chizindikiro chilichonse, koma ndinalephera kupeza choloza. Zonse zimene ndinaona mu Febuluwale uja zili pansi pa nthaka.

Ndinapita kumudzi mu Disembala wapitayu ndipo ndinawawerengera amalume zolemba izi pakhonde, monga ndinalonjezera. Anamvetsera zonse osandidula, mpaka pa tsiku lofika lija. Kenako anandibwereka foni, n'kuyamba kufufuza okha zithunzi ndi chala chawo chonjenjemera. Za tsiku losamuka, za khamu la anthu ndi makamera, anangozidutsa. Anaima pa chija chosaoneka bwino chimene ndinajambula pa mpata wa mpanda kukuzizira, cha mizati yachitsulo ndi bambo wogwada. Anachikulitsa ndi zala ziwiri, monga mmene adzukulu awo anawaphunzitsira, n'kuchiyandikiza kumaso.

"Mphwanga, pansi pa mizati iyi anaikapo chiyani? Sindikuona bwino apa."